Masiku akatha pa chidindo

M'midzi ya kuno kwathu, kuyambira ku Limbuli kukafika ku Muloza, n'kovuta kupeza banja lomwe lilibe mwana ku Joni. N'kovutanso kupeza banja lopanda mkamwini, mpongozi kapena agogo ochokera kutsidya, ku Milange kapena kupitirira apo. Koma zinthu ziwirizi sitizikamba ndi pakamwa pamodzi. Za mwana wa ku Joni timakamba mwachisoni: alibe mapepala, apolisi akumusowetsa mtendere, akugwira ntchito mobisalabisala. Za munthu wakutsidya timakamba ndi mawu ena, makamaka akapeza malo abwino pamsika kapena dzina lake likatuluka pamndandanda wa olandira chimanga. Kwa ine ndi nkhani imodzi. Onsewa sanathyole mpanda wa munthu. Analowa masana, anthu akuona, kenako masiku anawathera ali m'kati.

Ndiyambe ndi ku Joni, poti n'komwe kumatiwawa.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti safunika viza kuti alowe m'dziko la South Africa ngati mlendo. Amakwera basi ku Blantyre, kudutsa pa Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, mpaka kukafika pa Beitbridge. Pamenepo amamudindira masiku osapitirira 30. Chidindocho n'cha munthu wokaona abale kapena wokaoda katundu, sichilola kugwira ntchito. Koma aliyense m'basimo akudziwa kuti mnyamata wanyamula kachikwama kamodzi ndi nambala ya foni ya msuweni wake uja sakukaona nyanja ku Durban. Akukafuna ntchito ya m'munda wa maluwa, ya ulonda, yotsuka magalimoto, yosoka m'fakitale. Mwezi woyamba umathera kufunafuna. Akamadzalandira malipiro oyamba, masiku aja anatha kale.

Kale munthu wotere ankalipira chindapusa potuluka, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira mu 2014 malamulo a kumeneko anasintha. Ukapitiriza masiku, potuluka amakulemba kuti ndiwe munthu wosafunika m'dzikomo. Ukapitiriza ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso kwa chaka chimodzi, ukapitiriza kuposa apo ndi zaka zisanu. Amene analemba lamuloli mwina ankaganiza kuti anthu aziopa n'kumatuluka nthawi yake. Chomwe ndaona ine n'chakuti anthu amaopadi, koma chomwe amaopa ndi kutuluka. Munthu yemwe akanamabwera kumudzi pa Khirisimasi iliyonse amangokhala phee komweko, chaka ndi chaka, mpaka timayamba kumutchula mtchona.

Azakhali anga atamwalira, mwana wawo wamwamuna yekhayo anali ku Cape Town. Ndine ndinamuimbira. Ndinaima kuseri kwa nyumba ya siwa, pafupi ndi pomwe anyamata ankawaza nkhuni, kuti phokoso la nyimbo lisatisokoneze. Atamva uthengawo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati: "Asuweni, ndikatuluka ine sindibwereranso. Ana awa adya chiyani? Nyumba ija ifoleredwa ndi ndani?" Sindinamuyankhe. Iye ndi amene ankalipira fizi ya ana a mlongo wake, ndi amenenso ankagula mankhwala a mayi ake omwewo. Anatumiza ndalama ya bokosi ndi ya ndiwo, ndipo mwambo wa kumanda anauonera pa WhatsApp, mwana wina atanyamula foni m'mwamba, netiweki ikudukaduka. Madzulo ake ndinamva amayi ena akunong'onezana kuti ana a masiku ano ndalama aziika patsogolo kuposa makolo. Sindinawadzudzule, pamaliro sipokanganirana, koma ndinadziwa kuti sakudziwa chomwe chamumanga mnyamatayo.

Anthu akapanikizika amapeza njira, ndipo njirazo tonse timazidziwa. Ena amapereka pasipoti kwa munthu woyendayenda kuti akaidinditse pa boda, ioneke ngati mwini wake anatuluka n'kulowanso. Nthawi zina chidindocho chimakhala chenicheni, nthawi zina n'chosema kuseri kwa shopu, ndipo mwini pasipoti amadzazindikira tsiku lomwe wofesala waika pasipotiyo pa kompyuta n'kupeza kuti ulendo wolembedwawo mulibemo. Apo mlandu sulinso wopitiriza masiku, wasanduka wachinyengo. Ena amasiya pasipoti n'kuwoloka Limpopo usiku, komwe kuli ng'ona ndi achifwamba. Ogwidwa amakawasunga ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira tsiku lowakweza basi kapena ndege. Amafika kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha, katundu yense watsala m'kachipinda ka lendi.

Wina afunsa kuti bwanji osangotenga chilolezo chogwirira ntchito. Funso labwino, koma lofunsidwa ndi munthu yemwe sanayesepo. Zilolezo za ntchito za ku South Africa zinapangidwira anthu a maluso osowa, madokotala, mainjiniya ndi ena otero, kapena munthu yemwe bwana wake angasonyeze kuti wafunafuna nzika ya dzikolo yoti igwire ntchitoyo koma sanaipeze. Ndi bwana uti angalembe zimenezo chifukwa cha wotchetcha kapinga? Komanso lamulo silikulola kuti ulowe ngati mlendo kenako usinthe chilolezo uli konko, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri. Uyenera kubwerera kwanu n'kukapempha uli kumeneko. Choncho kwa anyamata athu ambiri nkhani si yakuti akuzengereza kukonzanso mapepala. Pepala loti iwo angakonze kulibe.

Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwa zilolezo zapadera, maboma atakambirana. Amalawi tilibe chotero. Ngakhale a ku Zimbabwewo sikuti akugona tulo: chilolezo chawo, chomwe chili ndi anthu pafupifupi 178,000, sichipereka mwayi wokhazikika, ndipo boma la kumeneko litafuna kuchithetsa nkhani inakafika kukhoti mu 2023. Akhala akungowonjezeredwa nthawi pang'onopang'ono. Munthu wakhala m'dziko zaka zoposa khumi, ana ake anabadwira komweko, koma sangakonze za chaka cha mkuja chifukwa sakudziwa chomwe nduna idzalengeze. Komabe kuli bwino iwowo, ali ndi pepala loonetsa wapolisi.

Chodabwitsa n'chakuti ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa ife. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodiyo, dzina lomwe mpaka lero likadali pa depoti ya basi ku Blantyre. Iwo ankapita pa kontirakiti, boma likudziwa, tsiku lobwerera likudziwika. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi. Unayambiranso patapita zaka zochepa, n'kudzatheratu cha m'ma 1988. Sindikuyamikira moyo wa m'migodi, ambiri anabwerako ndi chifuwa chosapola. Ndikungoti nthawi imeneyo nkhani ya mapepala inali pakati pa maboma. Lero ili pamutu pa mnyamata wa zaka 22 yemwe wagulitsa njinga ndi mbuzi kuti apeze thiransipoti.

Tsopano tiyeni tibwere kwathu, komwe ife ndife eni dziko.

Malire omwe timawolokera pa Muloza anagwirizana ndi Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891. Anthu a m'mbali mwa Ruo sanafunsidwe. Zaka zotsatira, makolo a ambiri a ife anawoloka kuchokera kutsidya, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Azungu a m'maesiteti a ku Mulanje ndi ku Thyolo anawalandira ndi manja awiri, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa ankafuna manja othyola tiyi. Anawapatsa pokhala posinthana ndi thangata. Palibe anawafunsa pasipoti. Lero zidzukulu zawo ndi aphunzitsi, mafumu, aphungu, ndipo chaka chilichonse timasonkhana pa Chonde kuvina tchopa monyadira Chilomwe chathu. Mtsogoleri wa dziko anatulukapo mwa anthu omwewa. Ndikamva munthu wa kuno akunena mwaukali kuti "obwera achoke," ndimafuna nditamufunsa komwe kuli manda a agogo a agogo ake.

Kenako kunabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malawi inkasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Mulanje anali amodzi mwa maboma omwe analandira ambiri. Si onse anakhala m'misasa. Ambiri anangolowa m'midzi, kwa abale awo, chifukwa chilankhulo n'chimodzi, miyambo n'chimodzimodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ochuluka anabwerera. Ena anatsala, poti anali atakwatira, atabereka, atapatsidwa munda.

M'mudzi mwathu muli bambo wina wotero. Anabwera ali kamnyamata, atathawa usiku mudzi wawo ukuyaka. Anakulira kwa mayi wina yemwe anangomutola, anathyola tiyi zaka zambiri, anakwatira kuno n'kukhala mkamwini monga mwa mwambo wathu. Ana ake ndi a mbumba ya akazi ake, ndi Amalawi opanda wokayikira, chifukwa lamulo limati mwana ndi nzika ngati mmodzi mwa makolo ake ndi nzika. Iyeyo ndiye ali lendelende. Kwa zaka zonsezi palibe chinkavuta. Ankapita ku zitukuko, ankakumba nawo manda, anali mkulu wa mpingo. Mavuto anayamba mu 2017, pomwe bungwe la NRB linayenda dziko lonse kulembera anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire chitupa cha unzika. Anthu oposa 9 miliyoni analembetsa. Amene analibe mapepala ena ankadalira kalata ya amfumu kapena mboni. M'midzi ya m'malire muno aliyense akudziwa kuti ena akutsidya analembetsa, amfumu atangoti "ameneyu ndi mwana wanga." Bamboyu atafunsidwa komwe anabadwira ananena zoona. Anabwerera kunyumba chimanjamanja.

Nthawi imeneyo zinkaoneka ngati zazing'ono. Koma chitupa chija chinayamba kufunidwa paliponse. Kulembetsa nambala ya foni, chitupa. Kubanki, chitupa. Feteleza wotsika mtengo wa AIP atayamba mu 2020, chitupa. Tsiku lina ndinamupeza atakhala pa khonde akusoka thumba, ndipo nditamufunsa ngati anayesapo kupita ku ofesi, anaseka.

"Aphunzitsi, ndikapite kuti? Kuno akuti ndine wa ku Mozambique. Ku Milange ndinapita, akuti bweretsani mboni za kumudzi kwanu. Mudzi wake uti? Amene ankandidziwa anatha onse."

"Nanga amfumu sangakulembereni kalata, bambo?"

"Kalata yonena kuti chiyani? Kuti ndinabadwira kuno? Ndakalamba ine, bodza limenelo ndikalisenze mpaka kumanda?"

Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko muno, yomwe tonse timangoti a imigireshoni, ili ndi zilolezo zake ndithu. Mlendo amadindiridwa masiku 30, ndipo akhoza kuwonjezera mpaka 90. Pali chilolezo cha wogwira ntchito, chomwe amachitcha TEP, chomwe amapempha ndi bwana wolemba ntchitoyo ndipo chimatha pakapita zaka ziwiri. Pali cha wochita bizinesi, chofuna kuti munthu aonetse ndalama zomwe walowetsa m'dziko. Pali chokhalitsa, cha munthu wokhazikika. Kwa ife a m'malire palinso kapepala ka pa boda kolola munthu kuwoloka kukagula chimanga kapena nandolo n'kubwerako. Mukaziyang'ana bwino zilolezo zikuluzikuluzo muona nkhope za anthu omwe zinawalembedwera: manejala wa esiteti, mwini sitolo ku Limbe, dokotala wa pachipatala cha mishoni, wansembe wochokera kunja. Ndalama zake, mafomu ake, maulendo a ku Blantyre, zonsezi n'za munthu wa galimoto. Bambo wa m'mudzi mwathu uja sangalowe pa khomo lililonse mwa makomo amenewa. Lamulo limaganiza ngati mwambi uja, kuti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka. Silinakonzekere mlendo yemwe wafika pokhala ndi zidzukulu.

Ndisanamizire kuti a mapepalawo zimawayendera myaa. Ndinagwirapo ntchito ndi mayi wina wochokera kunja yemwe chilolezo chake chinali pafupi kutha. Mafomu anapereka nthawi ikadalipo, koma yankho linachedwa, deti n'kudutsa. Kwa miyezi ankayenda ndi lisiti ya malipiro m'kachikwama ka pulasitiki, ataipanga mafotokope angapo, ina kuofesi, ina kunyumba. Pa rodibuloko iliyonse mtima unkakhala m'mwamba. Mchemwali wake atakwatiwa kwawo sanapite, kuopa kuti akatuluka zinthu zingasokonekere pobwerera. Kwa iye ndinaphunzirako zinthu zomwe ndimauza aliyense, kaya ali kuno kaya ali kunja. Deti la pa chidindo uzilidziwa pamtima, usadalire zomwe unamva m'basi, chifukwa wofesala akhoza kukupatsa masiku ochepa kuposa omwe umayembekeza. Pempho lowonjezera nthawi lizipita masiku asanathe, poti wopempha nthawi ikadalipo ndi wopempha itadutsa sawaona mofanana. Lisiti iliyonse isungidwe, ndipo uijambule pa foni. Ife a kuno tinaona ndi Namondwe Freddy mu 2023 momwe mapepala a moyo wonse amapitira ndi madzi usiku umodzi. Ndipo dobadoba woima panja pa geti, wonena kuti ali ndi munthu wake m'kati, ndi amene amakudyera ndalama n'kukupatsa pepala lodzakumangitsa.

Ife tomwe tinalawako pang'ono kumayambiriro kwa 2024, makina osindikiza mapasipoti ataima kwa milungu ingapo. Anthu anagona pa mizere. Omwe anali kunja mapasipoti awo atatha anasowa chochita, chifukwa chilolezo sachidinda m'pasipoti yakutha.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwambiri ndi cha mu May 2023, pomwe boma linayamba kugwira anthu othawa kwawo, ambiri a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, omwe ankakhala m'matauni n'kumachita mabizinesi, kuwabwezera ku Dzaleka m'boma la Dowa. Msasa umenewo unatsegulidwa mu 1994, unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma pa nthawiyo unali ndi anthu oposa 50,000. Ena mwa ogwidwawo anali atakhala m'madera mwawo zaka zambiri, ana awo akuyankhula Chichewa kuposa chilankhulo cha makolo awo. Boma linali ndi lamulo kumbali yake, zimenezo sindikutsutsa. Chomwe ndikunena ndi m'manja momwe tinawomba. Pa Facebook anthu analemba kuti atilanda mabizinesi, akukweza mitengo, apite kwawo. Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi, ndi omwe ananenedwa ku Durban mu 2015, pomwe boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu omwe ankathawa zikwanje. Nthawi imeneyo tinalira kuti Aafirika anzathu atichitira nkhanza.

Ndikudziwa zomwe ena anganene, ndipo sizopanda nzeru. Dziko liyenera kudziwa omwe ali m'kati mwake. Kuno kumalire njinga zamoto zimabedwa n'kuwolotsedwa, wakuba amapalamula uku n'kukabisala uko. Mankhwala m'zipatala zathu ndi ochepa, ndipo odwala akutsidya amabwera kudzalandira nawo. Nthawi ya chisankho aliyense amaloza mnzake chala kuti walembetsa alendo. Zonsezi n'zoona. Koma munthu wopanda pepala lililonse ndi amene boma silingamudziwe. Ukamuuza kuti njira yokhayo yopezera chitupa ndi kunama, amanama, ndipo m'kaundula mumadzaza Amalawi obadwira ku Milange. Ukamupatsa njira yoti anene zoona, kuti ndinabwera chaka chakuti, mboni zanga ndi amfumu ndi akumpingo, ndipatseni khadi la mlendo wokhazikika pa mtengo woti wothyola tiyi angakwanitse, boma lingadziwe chiwerengero chenicheni, ndipo lingasiyanitse mkamwini wa zaka makumi atatu ndi munthu yemwe wawoloka dzulo.

Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti Mmalawi akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Zinakondweretsa abale athu a ku London ndi ku America, ndipo n'zabwino. Koma zikuonetsa omwe mawu awo amamveka ku Lilongwe. Anthu a m'malire muno, omwe moyo wawo wakhala wa maiko awiri kuyambira kalekale, munda uku, chigayo uko, apongozi kutsidya, sindinamvepo phungu akuwayankhulira m'nyumbamo ndi mphamvu yofanana. Mwina n'chifukwa chakuti amene alibe chitupa savota.

Ndipo ngati tsiku lina boma lathu lidzapite ku Pretoria kukapempha kuti Amalawi omwe akhala kumeneko zaka zambiri apatsidwe chilolezo chapadera monga anzathu a ku Zimbabwe, zomwe ine ndikulakalaka zitachitika, lidzakhala ndi poyambira pabwino likadzakhala litakonza kaye za kunyumba kwake.

Pakadali pano bambo uja akukhala monga akhalira anthu ambiri otere. Foni yomwe amagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la akazi awo. Feteleza amagulira pa chitupa cha akazi awo. Mwana wawo wachiwiri ali ku Johannesburg, masiku ake anatha kalekale, ndipo poti naye sangatsegule akaunti kubanki ya kumeneko, malipiro ake amalandirira pamanja. Akafuna kutumiza ya fizi ya azing'ono ake amapempha mnzake wa mapepala kuti amutumizire, ndipo kuno amakalandira ndi mayi ake. Chaka chatha mayiwo anagonekedwa m'chipatala kwa milungu ingapo, ndalama inafika, koma inakhala osatengedwa mpaka atatuluka.